Funsani Wojambula: Kamera yakale ilipo, batire lake kulibe

Bambo Wojambula,

Mayi andipatsa kamera imene malemu bambo ankajambulira ali mphunzitsi ku Ekwendeni. Kutsogolo kwake kwalembedwa Canonet QL17, ndipo pakona pali G-III. M'kachipinda ka batire ndapezamo kabatire kophwatalala kolembedwa PX625. Ndazungulira msika wa Taifa ndi mashopu a m'tauni, palibe amene akulidziwa. Mnyamata wina wokonza mawotchi wandigulitsa LR44, akuti n'chimodzimodzi, koma likugwedera m'katimo. Mchemwali wanga akukwatiwa mu Okutobala ndipo ndikufuna ndikamujambule ndi kamera ya bambo. Ndiikemo lomweli?

Mwana wachisamba, Katoto

Achimwene, lekani kufunafuna PX625, simulipeza. Linasiya kupangidwa kalekale chifukwa linali la mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chinkakhala m'mathemomita akale a kuchipatala, ndipo ndi poizoni. Mayiko a ku Ulaya anayamba kuchepetsa mabatire oterewa ndi lamulo la 1991, America inawaletsa mu 1996, ndipo mu 2013 mayiko ambiri anasainirana pangano la Minamata lochepetsa mercury padziko lonse. Minamata ndi tauni ya ku Japan kumene mu 1956 anthu anapezeka akudwala modabwitsa, ndipo kenaka zinadziwika kuti ankadya nsomba za m'madzi amene fakitale inkatayiramo mercury. Kuletsako kunali koyenera. Kungoti kunasiya pamtunda makamera ambirimbiri abwino, ndipo anu ndi amodzi mwa iwo.

Bambo anu anali ndi diso. Canon inapanga G-III kuyambira 1972 mpaka 1982, inagulitsa oposa miliyoni, ndipo lenzi yake ya 40mm f/1.7 mpaka lero imatulutsa nkhope zoyera bwino ngakhale m'tchalitchi momwe mulibe magetsi okwanira.

Chimene opanga makamera ankakondera batire la mercury si ukulu wake kapena kukhalitsa kwake kokha ayi. Linkatulutsa mavolti 1.35 tsiku loyamba, 1.35 patatha miyezi, 1.35 mpaka lili pafupi kufa, kenaka n'kungozima kamodzi. Popeza mphamvuyo sinkasuntha, akatswiri sanavutike kuika chowongolera mphamvu m'kamera. Anangoitenga ngati muyeso. Mita yoyezera kuwala ili ngati sikelo ya pamsika, ndipo batire ndiye mwala wa kilo. Mwala ukakhala wolemera kuposa kilo lero, mawa n'kupepuka, sikelo idzanama ngakhale ili yabwinobwino.

Apa ndiye pali vuto la LR44 limene mwagulalo. Kugwedera n'kochepa, kumatheka kukonza. Vuto lenileni ndi lakuti ndi la alkaline. Likakhala latsopano limapereka mavolti 1.5 kapena kupitirirako pang'ono, ndiye limayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka kufika pansi pa 1.35, ndipo silikuuzani kuti lero lafika pati. Lili latsopano, kamera imaganiza kuti kunja kwawala kuposa mmene kulili, imachepetsa kabowo ka lenzi, zithunzi n'kutuluka zakuda, nkhope zosaoneka bwino pansi pa chisoti kapena mumthunzi wa tenti. Likafooka, zinthu zimatembenuka. Ndiponso kunamako sikufanana paliponse: mita ikhoza kulakwa pang'ono m'nyumba koma n'kulakwa kwambiri padzuwa. Pali lina lolembedwa 625A kapena LR9 limene limakwana ndendende m'kachipindako, ndipo ogulitsa pa intaneti amalitchula kuti ndi mlowam'malo wa PX625. Thupi ndi lomwelo, koma m'kati ndi alkaline yemweyo. Ine ndimaliopa kuposa LR44, chifukwa likalowa bwinobwino munthu amakhulupirira kuti nkhani yatha.

Ndiye mugule chiyani? Ine ndimatumiza anthu ku mabatire a makina othandiza kumva, aja amavala m'khutu anthu amene akuvutika kumva. Amatchedwa zinc-air, ndipo amabwera m'masaizi anayi odziwika ndi mtundu wa kapepala komata: 10 ndi wachikasu, 312 ndi wofiirira, 13 ndi wa olenji, 675 ndi wa buluu. Inu mukufuna 675, wa buluu. Amapereka mavolti pafupifupi 1.4, ndipo chosangalatsa n'chakuti mphamvuyo imakhazikika ngati ya mercury, siitsetsereka. Funsani m'mafamase akuluakulu, ndipo akasowa kuno tumani m'bale wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre akafunse kumene amayeza makutu ndi kuika makinawa. Amagulitsa pakakhadi kozungulira, kawirikawiri asanu ndi limodzi.

Batire limeneli limapuma mpweya. Mukamatula kapepala ka buluu muona timabowo ting'onoting'ono ngati tobaya ndi singano, ndipo mbali ya timabowoyo ndiyo ya +. Lisiyeni patebulo mphindi zingapo lipume musanaliike. Kuyambira pomwe mwamatulapo limayamba kutha, kaya mukujambula kaya kamera ili m'kabati, ndipo limakhala masabata angapo, mwamwayi miyezi ingapo. Choncho musamatule onse. Limodzi pa nthawi, ndipo la ukwati mudzamatule kutatsala tsiku limodzi.

Za kugwedera zija. PX625 linali lotambalala mamilimita pafupifupi 15.6, pomwe 675 ndi 11.6, chimodzimodzi ndi LR44 lanulo. Kusiyanako mumakudzaza ndi kamphete ka labala, aja amagulitsa a zamipope kapena okonza njinga zamoto. Pitani nayo kamera, muyese kamene kagwira batire pakatikati. Likakhala lalifupi osakhudza chitsulo, pindani kachidutswa ka pepala lonyezimira la aluminiyamu n'kuika kumbali imodzi yokha, mosamala kuti lisapindikire m'mphepete n'kukhudza mbali zonse ziwiri, chifukwa likatero batire limatha pompo. Makamera ena amatenga moto m'mphepete mwa batire osati pamwamba, ndiye pamenepo labala amatsekereza ndipo pamafunika kamphete kachitsulo. Suzumirani ndi tochi muone pamene pali tizitsulo togunda batire musanagule chilichonse.

Njira zina zilipo kwa amene ali ndi womutumizira katundu kuchokera kunja. WeinCell MRB625 ndi zinc-air yemweyo koma wovekedwa kale thupi la PX625, ndiye simuvutika ndi labala. Mtengo wake ndi wokwera poyerekeza ndi masiku amene amakhala. Imene ine ndimaiona yanzeru kwa munthu wojambula chaka chonse ndi adaputa yotchedwa MR-9. Ndi kachibekete kofanana ndi PX625, m'kati muli kachipangizo kotsitsa mphamvu, ndipo mumaikamo batire la silver oxide la nambala 386, lomwenso limalembedwa SR43. Silver oxide amapereka mavolti 1.55 osasuntha, adaputa n'kutsitsa kufika cha pa 1.35. Mukagula kamodzi mwagula, chotsala ndi kusintha kabatire ka wotchi basi. Chenjerani pogula, chifukwa pali zina zotchipa zotchedwanso MR-9 zimene zili kachitsulo chabe kopanda chotsitsa mphamvu. Zoterozo n'zabwino ndi 675 wa makutu, osati ndi silver oxide. Mmisiri wa mawayilesi wa dzanja lofewa akhozanso kuwotcherera kachipangizo kotsitsa mphamvu kotchedwa diode ya Schottky pawaya wochokera ku batire, n'kupeza zomwezo m'kati mwa kamera. Koma kamera ya malemu bambo, ukwati uli pafupi, ine sindikanalola kuti itsegulidwe panopa.

Mukaika batire, musakhulupirire kagetsi ka pa kamera koyesera batire kokha. Kagetsiko kamangonena kuti moto ulipo, sikanena kuti mita ikunena zoona. Woyesa weniweni ndi dzuwa. Pali lamulo lakale la ojambula: kunja kukawala bwino popanda mtambo, kabowo ka lenzi kakhale pa 16, liwiro la shata, kachitseko kolowetsa kuwala pa filimu, lifanane ndi nambala ya filimu. Ndiye ikani ASA, yomwe ndi nambala ya filimu ija, pa 200, shata pa 250, mphete ya lenzi pa A, pomwe kamera imadzisankhira yokha kabowo. Tulukani cha m'ma 10 koloko, dzuwa likhale kumsana kwanu, lozetsani kamera pakhoma la njerwa kapena pa udzu, osati kumwamba kapena pamalata. Suzumirani pakagalasi. Kumanja muona manambala ondondozana kuchokera 1.7 mpaka 16 ndi kasingano kakuda. Kakaima pakati pa 11 ndi 16, zili bwino. Kakathawira m'kachigawo kofiira kupitirira 16, mita ikukokomeza, ndipo pa A kamera imeneyi imakana kudina zikatero. Kuyesa kumeneku musakuchite m'nkhungu yathu ya Juni ndi Julaye, pamene dzuwa limatuluka ndi kubisala mosinthana. Seputembala ndi Okutobala ndi nthawi yake yeniyeni. Kenaka lowani m'nyumba muyerekeze ndi pulogalamu yoyezera kuwala ya pa foni, kuti mudziwe ngati mita ikugwirizana nayo mumdimanso.

Mukasowa zonsezi n'kungopeza SR44 kapena 357 wa silver oxide kwa okonza mawotchi, tengani ameneyo m'malo mwa LR44. Ndi wamphamvu kuposa mmene kamera ikufunira, koma popeza sasuntha, kulakwa kwake mukhoza kukuphunzira. Tsitsani nambala ya ASA pa kamera, mwachitsanzo filimu ya 200 muiuze kamera kuti ndi ya 100, mpaka kasingano kagwirizane ndi dzuwa. Filimu ya negativu monga Kodak Gold 200 kapena Ilford HP5 Plus imapirira kuwala kochuluka pang'ono kuposa kuwala kochepa, ndiye mukamakayika, pendekerani kowala. Filimu ya masilaidi ilibe chifundo chotere.

Chomaliza chokulimbitsani mtima: shata ya Canonet imayenda ndi masipuling'i, osati magetsi. Batire likafa pakati pa mwambo, chotsani mphete pa A, sankhani nokha kabowo ndi liwiro, kamera ijambulabe. Mukamaisunga, ichotseninso pa A ndipo muvindikire lenzi kuti mita isamadye batire. Tsirizani filimu imodzi yoyesera mwezi uno, mukatsukitse, muone ngati kuwala sikukulowa kumbuyo, poti timasiponji takuda ta m'mphepete mwa chitseko timasungunuka ndi ukalamba. Ndipo pa tsikulo pakhalenso wina wojambula ndi kamera yamakono. Yanuyo ikhale ya zithunzi zosankha: mkwatibwi ndi mayi, ankhoswe, agogo atakhala pamkeka.

Amalume,

Agogo anga anabwera ndi Yashica Electro 35 pochokera ku migodi ya ku Joni. Ikudina, koma zithunzi zonse zimene ndinajambula m'nyumba zatuluka zakuda bii, za panja zokha ndizo zikuoneka. Kachipinda ka batire n'kakatali ngati ka tochi yaing'ono. Ndaona kabatire ka rimoti ya galimoto kolembedwa 23A kakufananirako. Ndigule?

Mdzukulu, Chibavi

Ayi mphwanga, 23A musayerekeze n'komwe. Ndi ka mavolti 12, kuwirikiza kawiri zimene kamerayo ikufuna, ndipo kakhoza kuwotcha zam'kati zimene kuno palibe angazisinthe.

Zimene mwaonazo zili ndi chifukwa chake. Yashica inatulutsa Electro 35 mu 1966, ndipo mosiyana ndi Canonet ya achimwene a ku Katoto, shata yake imalamulidwa ndi magetsi. Inu mumasankha kabowo, iyo imawerengera nthawi. Popanda batire imadinabe, koma pa liwiro limodzi lokha la 1/500, limene likwanira padzuwa koma m'nyumba ndi kuphethira chabe. Filimu sinalandire kuwala, n'chifukwa chake mdima.

Batire lake linali PX32, la mercury la mavolti 5.6. Uthenga wabwino ndi wakuti kamera imeneyi siikangana ndi mavolti 6, ndiye nkhani yonse ya 1.35 ija sikukukhudzani. Funani lolembedwa 4LR44, PX28 kapena 4SR44. Ndi lalifupi, pafupifupi mamilimita 25, pomwe kachipindako kanapangidwira lalitali pafupifupi 45. Likulungeni ndi kakatoni kuti lisagwedere m'mbali, ndipo danga lotsalalo mulidzaze ndi sipuling'i yolimba kapena kabawuti kodulidwa pa saizi, kokulungidwanso m'mbali kuti kasakhudze khoma. Likasowa, LR44 anayi osanjikizana moyang'ana kumodzi, omangidwa ndi tepi m'mbali, ndi chinthu chomwecho, poti m'kati mwa 4LR44 mulinso anayi otero. Pano ndiye alkaline ndimamulola. Njira ina imene ndimaikonda chifukwa siifuna sipuling'i ndi CR123A mmodzi, wa mavolti 3, ndi LR44 awiri pamwamba pake. Pamodzi akwanitsa mavolti 6 ndipo utali wake umangofanana ndi wa PX32. Tsatirani chizindikiro cha + chimene chajambulidwa pakachipindako.

Mukaika, dinani batani loyesera kumbuyo, kagetsi kayake. Kenaka dinani shata theka. Kagetsi kofiira kakutanthauza kuti kuwala kwachuluka, chepetsani kabowo. Kachikasu kakutanthauza kuti shata ichedwa, gwirani kamera mwamphamvu kapena tsegulani kabowo. Lowani m'chipinda chamdima, ikani pa 16, dinani, ndipo mvetserani: muyenera kumva kutseguka, kenaka kachete, kenaka kutseka. Mukamva kudina kumodzi kofulumira ngati kale, moto sukufika.

Pali matenda amodzi odziwika a kamera imeneyi amene anthu amanamizira batire. M'kati, pansi pa ndodo ya shata, muli kalabala kakang'ono kamene kamaphwanyika kakakalamba. Poyamba kukoka filimu, kamera yathanzi imamveka kuti "gu" momveka bwino. Phokosolo likasowa, tigetsi n'kumaphethiraphethira kapena nthawi n'kumasinthasintha popanda chifukwa, kalabalako katha. Kamasinthika, koma ndi ntchito ya munthu woleza mtima amene anatsegulapo kamera. Musagule mabatire atsopano mobwerezabwereza pofuna kuchiza zimenezo.

Bambo,

Ndagula Zorki 4 kwa munthu wina ku Nkhata Bay. Ndaitembenuza mbali zonse, sindikuona poika batire. Andibera?

Wophunzira, Luwinga

Sanakubereni, mwana wanga. Zorki 4 inapangidwa ku Soviet Union ndipo ilibe mita, choncho siifuna batire. Leica M3 ya 1954, imene anthu amaigula ndalama zambiri, ilinso chimodzimodzi. Gwiritsani ntchito lamulo la 16 lija kapena foni. Chimodzi chokha musaiwale: kokani filimu kaye musanasinthe liwiro la shata, chifukwa kusintha musanakoke kukhoza kuwononga makina ake. Mukadzakumananso ndi kamera ya galasi la timabamputimabampu kuzungulira lenzi kapena pamwamba, monga Canonet yoyamba ya 1961, musafunenso batire. Mita yake ndi ya selenium, imadzipangira moto kuchokera ku kuwala. Isungeni yovindikira kuti isafooke msanga.

Bambo Wojambula,

Amuna anga anasiya Konica C35 m'sutikesi zaka zambiri. Chitsekerero cha batire chinakana kutseguka, ndipo mwana wanga atachikakamiza tapeza ufa woyera ndi wobiriwira, kabatire kakale katamatirira. Kamera yafa? Nanga kabatireko nditaye kuti?

Mayi wa ku Mchengautuwa

Mayi, pepani, koma musataye mtima msanga. Zimenezi ndimaziona kawirikawiri kuno, chifukwa mvula yathu imachedwa kusiya ndipo chinyezi chimalowa mpaka m'sutikesi. Batire likachucha limadya chitsulo mwakachetechete.

Valani pulasitiki m'manja. Tokosani kabatireko ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati mpeni. Kulungani thonje pakamtengo, nyowetsani pang'ono ndi viniga woyera, pukutani tizitsulo. Muona ufawo ukuchita thovu pang'ono n'kusungunuka. Gwirani kamera mozondotsa, kachipindako kayang'ane pansi, kuti dontho lisatsikire m'kati. Bwerezani ndi thonje la sipiriti, siyani chotsegula usiku wonse, m'mawa mupalepo ndi labala ya pensulo mpaka chitsulo chiwale. Mazinga a chitsekerero muwatsuke ndi mswachi wakale, ndipo potseka ndi potsegula mugwiritse ntchito ndalama yachitsulo yokwana bwino mumpatawo, osati sikuludiraiva imene imang'amba.

Kwa inu batire n'losavuta. Konica C35 inkadya PX675, ndipo 675 wa makutu uja, wa kapepala ka buluu, ali ndi saizi yomweyo. Amangolowa popanda labala kapena china chilichonse. Mukaika kasingano n'kukhalabe chete, nthawi zambiri dzimbiri latsata waya wa kuseri kwa kachipindako n'kuudula pamene anawotcherera. Wokonza mafoni kapena mawayilesi wosamala akhoza kusintha wayayo.

Kabatire kakaleko ndiye kandidetsa nkhawa. Ngati kalembedwa PX675, MR44 kapena mawu akuti mercury, musakaponye pamoto wa zinyalala, chifukwa nthunzi yake ndi imene imapweteka ubongo ndi impso. Musakataye m'chimbudzi, m'dimba kapena kufupi ndi chitsime. Kakulungeni ndi tepi, kaikeni m'botolo lagalasi lotseka bwino pamodzi ndi thonje mwagwiritsa ntchito lija, mulembe pamwamba, ndipo mufunse ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo ya mzinda kumene angakalandire. Botololo likhale pamwamba pomwe adzukulu safika, pamodzi ndi kakhadi ka mabatire atsopano. Timabatire timeneti timanyezimira ngati maswiti, ndipo mwana akameza kamodzi kakhoza kumuwotcha kummero m'maola ochepa. Zikachitika musamusanzitse kapena kudikira kuti kadzatuluka kokha, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo ndipo munyamule paketi yake kuti adokotala aone mtundu ndi saizi.

Kamera ikadzuka, musaibwezere m'sutikesi. Muziichotsa batire nthawi zonse mukamaliza kujambula, ndipo muiike pashelefu youma yopita mphepo, kunja kwa chikwama chake chachikopa chimene chimasunga chinyezi ndi kumeretsa nkhungu pa lenzi.